Tadala, Khirisimasi Ikakupeza Kumpoto

Tadala mwana wanga,

Ndakhala pa tebulo la kukhitchini masana ano, iwe uli m'tauni kutsanzikana ndi anzako. Sutikesi yako ili m'kolido, yolemera ngati waikamo njerwa, ndipo ndikudziwa kuti theka lake ndi mabuku. Ndikanatha kukuuza zonsezi pakamwa, koma umandidziwa: ndikayamba kulankhula zazikulu ndimathera pokufunsa ngati watenga masokosi. Ndiye ndalemba, ndipo ndalemba m'Chichewa mwadala. Uwerenge pang'onopang'ono. Mawu okuvuta undifunse ineyo pa foni.

Choyamba ndi kuthokoza. Ndikuthokoza Mulungu kuti wandisunga mpaka ndaona mwana wanga akupita ku Norway kukapitiriza maphunziro. Ndikuthokozanso iwe, chifukwa sunali mwana wovuta kulera, ngakhale kuti ndinakulera m'malo ovuta. Azimayi a kutchalitchi akandifunsa kuti, "Akukaphunzira chiyani, unamwino?" ndimayankha kuti, "Ayi, nthano. Nthano zakale za azungu zija za afiti, nyama zolankhula ndi maiko osapezeka pa mapu, makamaka chifukwa chake zimakonda nyengo yachisanu ndi Khirisimasi." Ena amangoti, "Oo," n'kusintha nkhani. Ine sindichita manyazi ngakhale pang'ono, chifukwa ndikudziwa chimene nthanozo zinachita m'nyumba mwathu.

Wandiuza kuti tauni imene ukupitayo ili kumpoto kwenikweni, kuti mu Disembala dzuwa silituluka n'komwe, ndiponso kuti Khirisimasi ino subwera. Ndavomera. Koma chibadwire chako sitinadyepo Khirisimasi motalikirana, ndiye mvera zimene ndikuuze.

Tinafika kuno ku Leicester kuchokera ku Ntcheu mu Novembala, iwe uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, maliro a bambo ako asanazirale n'komwe mumtima mwanga. Tinkakhala m'chipinda chimodzi ku Highfields, pamwamba pa shopu ya nsalu. Za kuzizira anthu anandichenjeza, koma za mdima palibe anandiuza. Ndinkatuluka kupita kuntchito kuli mdima, ndikamakutenga kusukulu kukudanso. Ine ndinaganiza kuti mdima umapiririka potseka makatani n'kukhala chete mpaka udutse. Mayi wina wa ku Somalia amene ankakhala moyang'anana nafe anagogoda kangapo atanyamula samusa zotentha. Ndinkalandirira pakhomo, n'kuthokoza, n'kutseka. Sindinamuuzepo kuti lowani. Ndipo iwe, amene ku Ntcheu unkalongolola mpaka agogo ako n'kukuthamangitsa, unayamba kuchepetsa mawu, mpaka unasiyiratu. Aphunzitsi ako anandiitanitsa. Anati, "Mwanayu amalemba bwino, amamva zonse, koma m'kalasi sitinamvepo mawu ake. Kunyumba amalankhula?" Ndinayankha kuti eya, koma ndili m'basi pobwerera ndinazindikira kuti ndi kunyumba komwe unkangoyankha ndi mutu. Tadala, mdima ukakakuta kumeneko, usakatseke makatani. Tuluka, ngakhale kungopita kushopu kukagula mkaka umene uli nawo kale. Munthu akagogoda, muuze alowe. Ukaona kuti tsiku latha usanalankhule ndi munthu aliyense, undiimbire, ngakhale ulibe chonena.

Za buku lija ndinakulanda ukuzikumbukira, chifukwa umandiseka nazo mpaka lero. Ndinalipeza pansi pa pilo ndikuyala bedi. Pachikuto panali nkhalango yodzaza sinowo, chisanu choyera chija chimagwa ngati ufa, chinyama cha mapiko, ndi munthu wovala mkanjo wakuda atanyamula nyali. Mutu unandiima. Ndinati, "Zausatana m'nyumba mwanga ayi!" M'mawa mwake ndinakalibweza ku laibulale ya sukulu ndekha. Iwe sunalire, unangondiyang'ana. Sindinatsegule ngakhale tsamba limodzi, mwanawe, ndinaweruza ndi chikuto. Kumene ukupitako ukakumana ndi zakudya, miyambo ndi anthu amene poyamba akaoneka achilendo ndi oopsa. Usakathamangire kunena kuti ayi. Yamba wafunsa, yamba wamvetsera. Ukamvetsa, pamenepo ukhoza kukana, ndipo ukane molimba ngati n'zoyenera kukana.

Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi bambo Derek. Iwe umawakumbukira ngati munthu wokoma, koma ine ndinayamba kuwadziwa ali ovuta kuposa onse m'nyumba yosamalira okalamba imene ndinkagwiramo ntchito. Moyo wawo wonse anagwira m'fakitale ya masokosi konkuno ku Leicester, ndipo matenda a shuga anali atawatseka maso. Tsiku loyamba ananena kuti tiyi wanga akukoma ngati madzi otsukira mbale. Dzina langa ankalipotoza mwadala. Disembala italowa, tsiku lina ndikuwapesa, anapapasa mu kabati n'kutulutsa buku long'ambika m'mbali.

"Mkazi wanga ankandiwerengera ili chaka chilichonse ikamayandikira Khirisimasi," anatero. "Iye anapita. Anzakowa akuti alibe nthawi. Iwe uli nayo?"

Nditayang'ana chikuto ndinaona kuti ndi zomwe zija: sinowo, nkhalango, zinyama. Ndinati, "Pepani bambo, ine ndine Mkhristu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga ine ndine chiyani, mbuzi? Ndaimba kwaya kutchalitchi iwe usanabadwe. Khala pansi uwerenge. Ukapeza Satana m'menemo undiuze, ndikufuna ndimufunse za maso angawa."

Ndinakhala pansi chifukwa choopa kuti akandineneza kwa amanijala. Chizungu changa chowerenga chinali chotsimphina, ndipo iwo ankandikonza mawu aliwonse popanda chifundo. Koma patapita masiku ndinadzipeza ndikudya msangamsanga pa nthawi yopuma kuti ndithamangire kuchipinda kwawo. Ndinkafuna kudziwa ngati anthu a m'nthanoyo atuluke m'nkhalango. Anali anthu wamba, ozizidwa, otopa, okangana okhaokha, akuyenda m'dziko limene chisanu chalanda chilichonse. Sindinapezemo Satana amene ndinkamuopa. Ndinapezamo anthu onga ine ndi iwe.

Tsiku la Khirisimasi anandiika pa shifiti. Ndinalibe wokusiyira, ndipo sindinkadziwa kuti tsiku limenelo mabasi sayenda. Amanijala anandimvera chisoni, anati ndibwere nawe ukhale ngati mlendo wodzacheza. Tinayenda wapansi kudutsa Victoria Park, udzu utauma gwa ndi chisanu, ukulira pansi pa nsapato zathu. Unali utavala majuzi awiri ndi jekete yaikulu yomwe tinapatsidwa kutchalitchi, manja ake akulendewera. Tinafika zala zitachita dzanzi. Ndinakukhazika pampando m'chipinda cha bambo Derek ndi bisiketi m'manja.

"Ndani akupuma pakonapo?" anafunsa.

"Mwana wanga. Salankhula."

"Zili bwino. Olankhula ndatopa nawo. Werenga."

Ndinangowerenga masamba ochepa belu linalira. Gogo wina wa chipinda cha kumapeto anafuna thandizo, ndipo ntchito yake inali yotenga nthawi. Ndinasiya buku pabedi n'kuthamanga. Pobwerera, ndili m'kolido, ndinamva mawu a mwana akuwerenga. Ndinaganiza kuti ndi wailesi. Nditasuzumira ndinakuona utakhala m'mphepete mwa bedi, buku pamiyendo, chala chikutsata mizere. Ndinaima pachitseko. Bambo Derek anamva kuti ndafika, anakweza dzanja.

"Usasokoneze, mayi. Tili pakati pa nkhalango."

Pambuyo pake anandiuza mmene zinakhalira. Atatopa kudikira anayamba kudandaula okha kuti afa asanadziwe mathero a nthano imene ankaidziwa pamtima. Sanakupemphe, sanakunyengerere. Iwe unangonyamuka n'kutola buku. Unafika pamene apaulendo aja, atatsala pang'ono kugwa, anaona kuwala kwa nyali patali, n'kukagogoda pakhomo la anthu osawadziwa usiku wa chikondwerero, ndipo eni nyumba anawakhazika pafupi ndi moto n'kuwapatsa chakudya asanawafunse maina. Unaima, unandiyang'ana, n'kufunsa m'Chichewa kuti, "Amayi, akanapanda kuwatsegulira akanafa?"

Linali funso lako loyamba kuchokera pamene tinatsika ndege. Ndinati, "Eya, akanafa." Kenako ndinapita kubafa kukalira, chipewa chapepala chija anthu a kuno amavala pa Khirisimasi chili kumutu.

Masana ake ndikuwadulira nyama ndinawafunsa bambo Derek kuti, "Bwanji nthano zanuzi zimaika phwando pakati pa chisanu? Bwanji osadikira kuti mavuto athe kaye?" Anati, "Ndingadziwe bwanji ine? Ndinkapanga masokosi. Ika msuzi wambiri." Yankho ndinalipeza ndekha tikubwerera kunyumba, iwe ukulongolola njira yonse za nthano ija. Ndinakumbukira kwathu. Kwathu Khirisimasi imafika nkhokwe zikutha, chimanga chili m'mawondo, Januwale ndi Febuluwale wa njala ali patsogolo. Koma agogo ako aamuna ankapha nkhuku ndithu, ankagula mpunga, ndipo ife ana tinkavala zatsopano n'kumaterereka nazo m'matope popita kutchalitchi. Sanali opusa. Ankadziwa bwino lomwe zimene zikubwera. Ndinaona kuti anthu a kuno akale, ndi chisanu chawo, ankachita chimodzimodzi, ndipo olemba nthano aja anangolemba zimene makolo awo ankachita. Phwando lija silinali lonena kuti mavuto atha. Linali lopatsana mphamvu kuti anthu akafike kutsidya. Ndi Ambuye Yesu yemwe sanadikire kuti dziko likhale bwino kuti abadwe. Iwe ukalemba zimenezi m'mawu akuluakulu a ku yunivesite, koma ine ndikukuuza mwachidule: usakadikire kuti zinthu zikuyendere bwino kuti usangalale. Ngakhale maphunziro atakuvuta, ngakhale utasowa mnzako, tsiku la Khirisimasi udzaphike chakudya chabwino, udzavale bwino, udzapite kutchalitchi ngakhale nyimbo zake usakuzimva.

Kuyambira chaka chimenecho Disembala aliyense unkapita kukawawerengera, buku lina likatha lina. Ine ndinkamvetsera ndikupinda zovala, moti ngakhale sindinapite ku yunivesite, nthano zimenezi ndamva zambiri. Nawenso unkakangana nawo. Tsiku lina unawafunsa kuti bwanji m'mabuku onsewa mulibe munthu wakuda amene ali wabwino. Iwo anati, "Sindinaganizepo. Ukadzakula udzawafunse eni ake, kapena udzalembe lako." Ndinasangalala kuti sunameze zonse chifukwa choti wazikonda. Upitirize choncho. Chinthu ukhoza kuchikonda n'kumachifunsabe mafunso. Atamwalira, mphwawo anatifunafuna mpaka anatipeza kuno ku Braunstone kumene tinasamukira, atanyamula katoni ya mabuku onse aja. Pamaliro awo tinalipo anthu ochepa kwambiri, ndipo iwe ndi amene unawerenga mawu a m'Baibulo. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mkulu wovuta uja. Sankadziwa n'komwe kuti akutithandiza, ankangofuna nthano yake.

Tsopano za anti ako a Esnart. Iwe umangowadziwa ngati anti, koma kumbukira mmene tinawapezera. Inali Khirisimasi ina iwe uli ku sekondale. Titatuluka m'tchalitchi ndinaona mtsikana wachilendo ataima yekha pafupi ndi geti, atavala jekete yopyapyala, akunamizira kuyang'ana pa foni. Ndinali nditamva kuti ndi Mmalawi, kuti anali atangofika kuno kuchokera ku Hyson Green ku Nottingham, akudikira yankho la mapepala ake okhalira m'dziko muno, ndipo kuti amene anabwera naye anamusiya. Ine ndinali nditagwira ntchito masiku otsatizana, msana ukuwawa, nkhuku yathu inali yaing'ono. Ndinamupatsa moni n'kupitirira, mumtima ndikuti ena amutenga. Iwe unandikoka dzanja.

"Mami, mukumusiya?"

"Ena amutenga, tiye."

"Onse apita, mami. Tatsala ife."

Ndinatembenuka, ndipo zinali zoona. Ndinabwerera n'kunena kuti, "Achemwali, tiyeni kunyumba." Anakana kawiri mwaulemu, kachitatu anangotitsatira. Anadya, kenako anagona pa sofa ndi nsapato zomwe, mpaka m'mawa. Lero ndi namwino, ali ndi ana awiri amene amanditchula kuti agogo, ndipo chaka chija ndinachitidwa opaleshoni ndi iwo amene ankandisambitsa. Ndikanapitirira tsiku lija ndikanataya mchemwali wanga ndisanamudziwe. Zikomo mwanawe pondikoka dzanja.

Koma mvetsa apa. Kutsegulira ena ukudziwa kale, sindikuda nkhawa. Chimene sudziwa ndi kukhala woima pageti. Chaka chino mlendo ndiwe. Iwe unatengera ine, sufuna kuvutitsa anthu, umayankha kuti "ndili bwino" ngakhale zisali bwino. Munthu akadzakuitana kwawo pa Khirisimasi, kaya ndi mnzako wa m'kalasi, kaya mphunzitsi ndi banja lake, kaya mayi wa kutchalitchi, usadzanene kuti uli ndi mapulani pamene ulibe. Udzapite. Udzatenge kenakake m'manja, ngakhale mandasi ophika wekha. Udzadye zimene akupatsa, ngakhale itakhala nsomba yonunkha ija unandionetsa pa foni. Udzathandize kutsuka mbale. Ndipo akadzapanda kukuitana, udzafunse ndiwe. Pamenepo padzakhala ophunzira ena ochokera kutali amene sanapite kwawo. Gogoda pazitseko zawo, muphike limodzi. Usadzadye Khirisimasi wekha m'chipinda, Tadala. Ndabwereza dala: usadzadye wekha.

Ndisakunamize kuti khomo lililonse lowala ndi labwino. Nthano zako zomwezo zimanenanso za nyumba zofunda zokhala ndi chakudya chokoma, zimene mlendo akalowa satulukamo. Zimenezo si za m'mabuku mokha. Munthu wosungulumwa amakopeka msanga, ndipo alipo anthu, makamaka amuna ena, amene amadziwa kununkhiza kusungulumwa kwa mtsikana. Kulikonse kumene ukupita, wina adziwe kumene uli. Chakumwa chako usachisiye pa tebulo n'kudzachimwanso. Munthu amene akukupatsa zambiri koma sakufuna kuti ucheze ndi ena, muthawe. Mtima ukakuuza kuti tuluka, tuluka, ulemu udzaupepesa mawa. Ndipo zikadzavuta, zilizonse, ngakhale zochititsa manyazi bwanji, woyamba kumuuza ndikhale ine. Ndidzakalipa mwina, koma ndidzakalipa ndili m'njira kubwera.

Zina ndi zazing'ono koma usazinyoze. Mapiritsi a vitamini aja adokotala amatiuza anthu akuda kuti tizimwa nthawi yachisanu ndaika m'thumba la m'mbali, uzimwa. Mafuta odzola ndaika mabotolo awiri, chifukwa sindikudziwa ngati kumeneko ukapeza oyenera khungu lathu. Tsitsi usamatuluke nalo lonyowa. Agogo ako ku Ntcheu uziwaimbira, ndipo uziwalankhula m'Chichewa ngakhale chikhale chopindika, amasangalala ndi kuyesa kwakoko. Akulu ukawapatse ulemu ngakhale kumeneko amatchulana maina ngati ana. Pemphero usalisiye. Masiku ena lidzakhala louma ngati chikonyo, upemphere choncho.

Za ine usade nkhawa. Khirisimasi ino ndapempha kuti ndigwire shifiti ya m'mawa, chifukwa pali okalamba amene sadzakhala ndi wowayendera, ndipo madzulo anti ako a Esnart abwera ndi ana. Nyumba idzakhala ndi phokoso lokwanira. Ndidzakusowa, zimenezo sindibisa, koma kukusowa kwanga si katundu woti iwe unyamule. Sindinakulere kuti uzindilondera. Ndinakulera kuti upite, ndipo ukupita kukachita chinthu chimene umachikonda, mwayi umene ine ndi bambo ako sitinaupeze. Iwo akanakhalapo bwenzi akuuza aliyense m'basi, ngakhale osawadziwa, kuti mwana wawo akupita kukaphunzira kunja kwa kunja.

Ndamva geti likulira, uyenera kuti ndiwe, ndiye ndilekere pano ndisanagwidwe. Mawa pa siteshoni ndidzayesetsa kudzigwira, koma ndikudzidziwa, ndidzalira, ndipo ndidzalira mokweza mpaka azungu adzayang'ana kumbali. Usadzachite manyazi, ndipo usadzatsike. Udzakhale pampando wako, udzandibayibitse pawindo, basi ikanyamuka udzayang'ane kutsogolo.

Ambuye akutsogolere, akusunge, akubwezere kwa ine uli wamoyo ndi wokondwa.

Ndine mayi ako,
amene amakunyadira